Galimoto Zakale za Boma pa Okushoni: Kodi Nzotsikadi Mtengo?

Nthawi ndi nthawi m'nyuzipepala mumatuluka chidziwitso chakuti Boma ligulitsa galimoto zake zakale pa okushoni, ndipo mbiri yotere siichedwa kufika m'maofesi a ku Capital Hill ndi m'zipinda za aphunzitsi. Makalaliki amapatsirana tsambalo, aphunzitsi nayamba kuwerengera ndalama zimene adasunga ku SACCO, pakuti aliyense adamvapo za munthu wina amene adagula Land Cruiser pa mtengo wa njinga yamoto. Chilakolako chimenechi nchosadabwitsa konse. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti galimoto zogwirako kale ntchito za ku Japan, zimene zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, zidakwera mtengo kufikira pamene malipiro a wantchito wamba sangafikepo.

Tsono funso loyamba limene wofuna kugula ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi Boma likuigulitsiranji galimotoyo? Galimoto ya nambala ya MG siigulitsidwa chifukwa chakuti utoto wake wasuluka. Pamakhala kabungwe kotchedwa Board of Survey, kamene kamayendera katundu wa Boma nkulemba kuti chakutichakuti chatha ntchito, kapena kuti ndalama zochikonzera zaposa phindu lake. Ndiye kuti mwini galimoto, amene ali ndi amakaniko akeake ku PVHES, bungwe lija akuluakulu amalidziwabe ndi dzina lakale la PVHO, waiona nkugamula kuti siyiyenera kutayirapo ndalama zina. Wogula akulandira chimene mwini wake wachikana, ndipo amachilandira monga chiliri. Akapeza chilema mawa lake alibe kokadandaula.

Chilema chachikulu cha galimoto zotere sikuyenda ulendo wautali ayi, koma kukhala. Pakati pa tsiku limene galimoto idaima ndi tsiku la okushoni pamatha kupita miyezi yambiri, mwinanso zaka, iyo ili pabwalo kuseri kwa ofesi, mvula ndi dzuwa zikuisinthanitsa. Matayala amang'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano, batire imafa, mabuleki amagwirana ndi dzimbiri, timphira totsekera oilo timauma, ndipo makoswe amamanga zisa m'kati nkudya mawaya. Chinanso nchakuti galimoto yakufa kawirikawiri imapereka ziwalo zake kuchiritsa inzake ya mtundu womwewo: lero achotsa sitata, mawa pampu ya dizilo, mpaka chotsala ndi thupi lokongola lopanda mtima. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiponso galimoto ya Boma imadutsa m'manja mwa madalaivala ambiri, m'misewu ya fumbi ya kumaboma, ndipo munthu amayendetsa mosiyana chinthu chimene sadzalipira chikathyoka.

Chifukwa cha ichi, mtengo umene wogulitsa amatchula pogogoda nyundo yake suli mtengo wa galimoto. Uli chiyambi chake chabe. Pamwamba pake pamabwera msonkho ndi zolipira zina zolembedwa m'malamulo a okushoniyo, amene anthu ambiri amawawerenga atagula kale. Pali ndalama zokokera galimoto yosayenda kukafika nayo ku galaja. Nambala ya MG siipita ndi wogula, motero ayenera kukalembetsa galimotoyo m'dzina lake ku ofesi ya Road Traffic, kuiyezetsa kuti alandire chiphaso chakuti njoyenera kuyenda pamsewu, ndi kugula inshulansi. Palinso galimoto zina, makamaka za ntchito zothandizidwa ndi maiko akunja, zimene zidalowa m'dziko muno osalipira msonkho wa kasitomu. Wogula afunse a MRA asanapereke chikole chake, kuopa kuti ngongole imeneyo ingadzagwere iye.

Choopsa china chili m'mtima mwa wogula mwini wake. Amene adaonerako malonda a fodya ku Limbe kapena ku Kanengo akudziwa kuti ogula kumeneko sapsa mtima; amayang'ana tsamba, nkutchula mtengo, nkupitirira. Pa okushoni ya galimoto pamabweranso anthu otere, eni magalaja ndi ogulitsa masipeya, amene amadziwa mtengo wa injini ndi giyabokosi ngakhale galimotoyo isadzayendenso. Iwo akafika pa malire awo amatsitsa dzanja. Koma mphunzitsi amene wauza banja lonse kuti abwera ndi galimoto amachita manyazi kugonja pamaso pa anthu, nakweza dzanja kachiwiri ndi kachitatu. Akalephera kumaliza kulipira m'masiku oikidwa chikole chimapita, ndipo ena pothawa zimenezi amagwera m'manja mwa a katapila.

Mau onsewa sakutanthauza kuti pa okushoni palibe phindu. Lilipo ndithu, koma limagwera munthu wodekha. Iye apite pa tsiku loonera katundu pamodzi ndi makaniko amene amamukhulupirira, osati wopezana naye pachipata. Aone ngati nambala ya injini ndi ya chasisi zikugwirizana ndi zolembedwa. Asankhe mtundu umene masipeya ake amapezeka mpaka m'matauni aang'ono, monga Toyota Hilux, nasiye galimoto zikuluzikulu za mabwana zimene zimamwa mafuta koposa malipiro a mwezi. Alembe papepala malire ake asanachoke kunyumba, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake alisiye m'thumba, pakuti makaniko adzalifuna.

Nalonso Boma lili ndi mbali yake, popeza katundu ameneyu adagulidwa ndi msonkho wa anthu onse. Dziko silinaiwale nkhani ya mathirakitala 177 amene adagulidwa ndi ngongole yochokera ku India kuti athandize alimi ang'onoang'ono, koma ena mwa iwo adagulitsidwa motsika mtengo kwa andale ndi akuluakulu a m'Boma. Mayi Martha Chizuma, amene pa nthawiyo adali Ombudsman, adatulutsa lipoti la nkhaniyi mu 2016, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo lidagwirizana nawo kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Lamulo la mu 2017 lokhudza kugula ndi kugulitsa katundu wa Boma, limene lidakhazikitsa bungwe la PPDA, lidaika kugulitsa katunduyo pansi pa diso la bungwe limenelo. Chotsala nchakuti khomo likhale lotseguka kwa onse mofanana. Chidziwitso cha okushoni chizituluka msanga, m'Chichewa ndi pa wailesi, chikunena poyera galimoto zoyenda ndi zosayenda. Ndipo tsiku limodzi loonera katundu lizikhala Loweruka, chifukwa mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje sangasiye ana m'kalasi pakati pa sabata kukasuzumira m'injini.