Magalasi Omasulira Zilankhulo Sadzalowa M'malo mwa Khutu

Pakati pa ena ophunzira pabuka maganizo akuti kuphunzira chilankhulo cha mnzako ndi kutaya nthawi, popeza makina adzatimasulira zonse. Ife tikukana, ngakhale tikudziwa kuti makinawo alipodi. M'chaka cha 2022 kampani ya Google inaonetsa magalasi amene amalemba mawu a wolankhula pamaso pa wowavala, atatembenuzidwa kale. Mu 2025 kampani ya Meta inayamba kugulitsa ake pa madola 799.

Phindu lake sitilibisa. M'boma lathu lino la Dowa muli msasa wa Dzaleka, umene kuyambira 1994 ukusunga anthu othawa nkhondo. Chiwerengero chawo chinapitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mayi wa Chiswahili amene wafika kuchipatala usiku mwana akukomoka, namwino osamumva, angathokoze Mulungu chifukwa cha chida chotere. Chimodzimodzinso mbale wathu wosamva.

Koma makinawo amadziwa zilankhulo za yani? Pamene Meta inayamba kumasulira mawu m'magalasi ake, inasankha Chingerezi, Chifalansa, Chitaliyana ndi Chisipanishi. Google inalandira Chichewa mu 2014, komabe aliyense amene anayesapo akudziwa mmene imapunthwira. Pamsika wa Mponela mawu akuti mtengo amatanthauza zinthu ziwiri, ndipo chimasiyanitsa ndi kamvekedwe. Nanga wothamanga m'bandakucha kudzanena kuti agogo atisiya, galasi lidzalemba za maliro kapena za ulendo? Chingerezi chilibe kusiyana kwa iwe ndi inu. Tsoka kwa mkamwini amene makina adzamutchulira apongozi ake kuti iwe!

Chimene chikutidetsa nkhawa koposa ndi chinsinsi. Magalasiwa ali ndi kamera ndi chomvera mawu, ndipo zimene atola zimadzera m'foni, nthawi zina mpaka kukafika m'makompyuta a eni ake kutsidya kwa nyanja. Malamulo a Eklezia a 1983 amalola Mkhristu kulapa kudzera mwa womasulira ngati iye ndi wansembe sakumvana (lamulo 990), koma amamanga womasulirayo kuti asunge chinsinsi (lamulo 983). Womasulira ndi munthu: ali ndi dzina, ali ndi chikumbumtima, ndipo adzayankha pamaso pa Mulungu. Kodi kampani yamalonda tidzailumbiritsa bwanji? Chida chotere chisayandikire malo olapira, ngakhale chitatsika mtengo kufanana ndi mulu wa tomato. Tiganizirenso wothawa kwawo amene akubisala adani ake: amene akumujambula nkhope ndi mawu popanda kupempha, akuseweretsa moyo wake.

Ansembe a chipani cha White Fathers atafika ku Mua mu 1902, ndi pambuyo pake ku Nambuma, anakhala pamphasa nasanduka ana. Analakwitsa mawu, amayi nawaseka pamtondo, iwo naphunzira. Kuseka kumeneko ndiko kunatsegula mitima, pakuti anthu anaona mlendo amene wadzichepetsa kuti aphunzitsidwe ndi iwo. M'khama lotero munatuluka Malembo Oyera mu 1966. Wovala magalasi sasekedwa, salakwa, sasowa mphunzitsi. Maso ake ali pa zilembo, pamene nkhope ya wolankhulayo ikunena zina. Adzachoka m'mudzi monga anabwerera, mlendo.

Tsono tikufunsa miphakati yathu, kuyambira ku Mponela ndi ku Mtengowanthenga mpaka kumapiri a ku Mpherere: ndi angati mwa ife amene angathe kupereka moni m'Chiswahili kapena m'Chirundi? Anthu a ku Dzaleka takhala nawo zaka zoposa 30. Timagula m'maokala awo, timakwera nawo minibasi, ena timalandira nawo Ukaristia. Ana awo ambiri amalankhula Chichewa chosalala, ndipo anachitola pabwalo la mpira ndi pamjigo, opanda galasi lililonse m'maso.