Tikadzuka usiku musatiyese afiti

Ana athu, mafumu athu, ndi inu a chipatala, tatimverani ife agogo anu.

Tulo tidatithawa. Timakagona nkhuku zikangolowa m'khola, koma pofika pakati pa usiku maso ali gwa. Wina nyamakazi yamugwira m'mawondo. Wa shuga amangotulukatuluka kukataya madzi. Azibambo ambiri mkodzo umatuluka movutikira, akati agone, chikhodzodzo chaitananso. Mankhwala a BP otchedwa HCTZ amakodzetsa, n'chifukwa chake amayenera kumwedwa m'mawa, koma pa windo amangotiponyera kapaketi osafotokoza, ndiye enafe timamwa madzulo. Aliponso oliza mkonono mpaka mpweya kudukiza. Inu mumaseka, pamene mwini wake amadzuka ali wofooka, mutu ukuwawa.

Kukacha timathira mchere kawiri m'ndiwo. Mdzukulu yemwe tikulera tokha timamuitana dzina la malemu amayi ake. Madokotala amati munthu wamkulu azigona maola 7 kapena 8, poti ubongo umasunga za masana munthu ali m'tulo, ndiponso BP ndi shuga zikalekereredwa zimawononga timitsempha ta m'mutu. Nanga bwanji tikadandaula kuchipatala amangoti, “Ndi ukalamba umenewu agogo,” n'kutipatsa Panado? Enafe timakadzigulira tokha Piriton kuti tigone, osadziwa kuti kwa wokalamba amawonjezera kusokonezeka ndi chizungulire.

Komabe chotiwawa kwenikweni chili kumudzi. Mnzathu amene matenda oiwalaiwala amukula sasiyanitsanso usiku ndi usana. Amatsegula chitseko usiku, ati akupita kudimba kapena kwa makolo ake omwe adatisiya kalekale, n'kusochera. Mukamupeza m'mamawa pakhomo pa eni, chitenje chitagwa panjira, mumakuwa kuti mfiti yagwa pa lichero. Mukamupanikiza ndi mafunso amangovomera chilichonse, poti sakudziwa n'komwe kumene ali, inu n'kumati waulula yekha. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa mphenzi itapha mtsikana, ati ndiwo adaitumiza. Ife tonse a imvi tidamva, ndipo masiku ano ena amaopa ngakhale kupita kuchimbudzi usiku, amangokodzera m'chitini.

Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomerezanso lamulo loteteza okalamba. Pabwalo la mfumu sitimva wina akuwatchula malamulowa.

Inu a chipatala, potiyeza BP muzitifunsanso mmene timagonera ndi zimene tayamba kuiwala, ndipo mutiuze nthawi yomwera mankhwala aliwonse. Ana athu, pakhale wina wogona pafupi ndi agogo osocherasochera. Mafumu, agogo akapezeka pakhomo pa wina usiku, lamulani kuti afunditsidwe, aperekezedwe kwawo, kukacha abale apite nawo kuchipatala.