Klorini amapha kolera, nanga poizoni winayu?

Asisi, tiyeni tikambe za madzi a ku Mangochi. Kolera wa 2022 ndi 2023 atavuta, tinauzidwa kuti tizithira klorini. Tinamvera. Koma klorini amapha tizilombo basi, sachotsa mankhwala osungunuka m'madzi.

Taonani zomwe zikulowa m'nyanja. Maneti a udzudzu, onyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, akukokera usipa m'madooko. Mankhwala opopera m'minda amatsika ndi mvula. Majumbo amafumbutuka n'kukhala tizidutswa tomwe nsomba zimameza. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, Khothi la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, koma pamsika akadali mbwee!

Amatunga madziwo ndani? Amachapa, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana m'nyanjamo ndani? Amatenga pakati ndi kuyamwitsa ndani? Ndife. Mwana akadwala, ogona pansi m'chipatala ndife ndithu.

Enanu a m'tauni musati izi n'zakumudzi. Shire amatuluka m'nyanja pa Mangochi pompo, kudutsa Malombe, mpaka ku Walker's Ferry komwe Blantyre imapopa madzi ake. Chambo cha pa mbale yanu chimachokera komweko.

Ena amvekere tikuopseza anthu opanda umboni. Chabwino, umboniwo tipatseni! A MEPA, a Malawi Bureau of Standards ndi a Southern Region Water Board, yezani mankhwalawa m'nyanja, m'mijigo ndi m'mipopi, zotsatira muzitulutse poyera, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Mufunseni khansala ndi MP wanu sabata ino. Bilu timalipira, tidziwe chomwe tikumwa.