Wadya Nkhuku Ndani? Yambani Mwafunsa Nthenga

Ndikulemba kuchokera kuno ku Hanley, mumzinda wa Stoke-on-Trent. Mwezi uno tikambirane za nkhuku, pakuti mabanja angapo mwa ife ayamba kuweta tinkhuku titatu tinayi kuseri kwa nyumba kapena ku allotment, timinda tija timabwereka ku khonsolo. Ena akufuna dzira la m'mawa, ena akufuna kuti ana obadwira kuno adziwe kuti nkhuku siyambira m'firiji.

Inenso ndinali nazo zinayi. Mu Disembala kuno kumada cha m'ma 4 koloko, ndipo tsiku lina nditaweruka mochedwa ndinangofikira kugona, osatseka chitseko cha khola. M'mawa mwana wanga wamkazi ndiye anayamba kuona. Nkhuku ziwiri zinali kwala pansi zopanda mitu, imodzi inasowa, yachinayi ili njenjenje padenga la shedi. Mtima wanga unathamangira kwa galu wa anansi athu, amene anali atalowapo kawiri m'bwalo mwathu, ndipo ndinavala jekete kuti ndikagogode pakhomo pawo.

Pampanda ndinakumana ndi bambo wina wachikulire wa mumsewu mwathu, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'mafakitale oumba mbale ndipo amaweta nkhunda. Anatola nthenga imodzi nandionetsa kutsinde kwake, kumene kunali kodulidwa ndi mano. Kenaka analoza mapazi pamatope, opyapyala kuposa a galu, ondandalika mumzere umodzi mpaka kumpanda. "Mlendo wanu ndi nkhandwe," anatero, "ndipo usiku uno abweranso kudzatenga zimene wasiya." Ndinavula jekete lija mwamanyazi.

Kumudzi agogo athu sankalakwitsa chotere. Ankangoyang'ana pansi pa chitele n'kunena kuti uyu ndi vumbwe, uyu ndi likongwe, mazira awa wamwa ndi ng'azi, ndipo thadzi likalira mwa mtundu wina tonse tinkayang'ana kumwamba kufuna kabawi. Zilombo za kuno n'zina, koma nzeru yake ndi yomweyo: chilombo chilichonse chimasiya chizindikiro chake.

Nkhandwe ndiye mdani wamkulu, ndipo ya m'tauni siopa anthu, imayenda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Imaluma pakhosi, kawirikawiri imachotsa mutu, ndipo imanyamula nkhuku kukaikwirira kuti idzadye tsiku lina. Ikalowa m'khola imapha zambiri nthawi imodzi pofuna kuzituta imodziimodzi. Imasiya fungo lamphamvu ndi ndowe zopotana zosongoka kumapeto, zokhala ndi ubweya. Imakwera mpanda wa mamita awiri, imakumbanso pansi. Ana ake amabadwa cha mu Malichi, choncho kuyambira Epulo mpaka Juni, pamene ikudyetsa banja, ndi nthawi yoopsa koposa.

Galu amachita mosiyana. Amathamangitsa nkhuku ngati masewera, kuziluma pamsana ndi m'mapiko, n'kuzisiya mbwee bwalo lonse osazidya, ndipo kawirikawiri zimenezi zimachitika masana.

Mukapeza khola lili chitsekere, popanda pothyoka, koma nkhuku zafa zili ndi timabala ting'onoting'ono kumbuyo kwa khosi, ganizirani za tizilombo tofanana ndi likongwe wathu, timene kuno amati stoat, weasel ndi mink. Weasel amalowa pakabowo kongokwana chala chachikulu. Mink anachokera ku North America, anabwera kudzawetedwa chifukwa cha ubweya wake, ndipo amene anathawa m'mafamu anaswana m'mbali mwa madzi. Inu okhala pafupi ndi Caldon Canal, ngalande ija imadutsa mu Hanley Park, kapena pafupi ndi mtsinje wa Trent, musamuiwale.

Mukapeza matabwa ong'ambidwa ndi dzenje lalikulu pansi pa khola, yang'anani mapazi. Ngati ali ndi zala zisanu ndi zikhadabo zazitali, wabwera ndi badger, msuweni wake wa chiuli, amene mphamvu zake n'zosagwirizana ndi msinkhu wake. Nkhandwe ndi galu amadinda zala zinayi.

Mazira ndi anapiye zikamasowa mwakachetechete, chakudya n'kumatha msanga, ndipo pansi pa khola pali mauna, amenewo ndi makoswe. Zikamapezeka zigoba zoboola pabwalo, akhwangwala ndi mbalame zotchedwa magpie ndiwo aona pamene thadzi likuikira. Mphamba za kuno, monga buzzard ndi sparrowhawk, sizikonda kulimbana ndi nkhuku yaikulu, zimafuna anapiye ndi tinkhuku ta mtundu waung'ono. Zimagwira masana, ndipo zimasosola nthenga pamalo amodzi, tsinde la nthenga lili lathunthu, losatafunidwa.

Kudziwa chilombo n'kofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi lamulo. Kumudzi vumbwe akavuta timatchera msampha kapena kuitana agalu, koma kuno dzanja likafulumira munthu amakayankha kukhoti. Lamulo la 1992 limaletsa kupha badger, kumuvulaza, ngakhale kusokoneza una wake. Lamulo la 1981 limateteza mphamba zonse. Kuthirira nkhandwe poizoni n'kuphwanya lamulo, ndipo nthawi zambiri amene amadya nyamboyo ndi mphaka kapena galu wa mnzanu. Ifenso alendo tikumbukire kuti mlandu wa kupolisi ukhoza kudetsa mapepala a munthu amene akuyembekeza chilolezo chokhazikika m'dziko muno.

Chachiwiri n'chakuti mankhwala amatsata matenda. Waya wopyapyala uja amagulitsa ngati wa nkhuku amangoletsa nkhuku kutuluka, nkhandwe imaudula ndi mano. Wofunika ndi waya wolimba wowotcherera, wa mabowo osapitirira mamilimita 13 kuti ngakhale weasel alephere. Muukwirire pansi masentimita 30, kapena muuyale pansi mozungulira khola kuti wokumba agome, ndipo pamwamba pakhalenso pofolera. Zitseko zikhale ndi loko weniweni, osati kamtengo kopingasa. Ambiri mwa ife timagwira mashifiti m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, sitingakhale pakhomo dzuwa likamalowa. Pali tizitseko ta batire totseka tokha kukada, ndipo ine ndikanagula kameneko msanga bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Za makoswe, sungani chakudya m'chitini chotseka ndipo musasiye chotsala usiku. Makombo a kukhitchini, amene kwathu ndiwo chakudya cha nkhuku, kuno lamulo silola kuzipatsa poopa matenda a ziweto.

Musaiwalenso kuti kuyambira pa 1 Okutobala 2024 aliyense woweta nkhuku ku England, ngakhale imodzi yokha, ayenera kulembetsa ku nthambi ya boma ya APHA, imene imachenjeza alimi kukabuka chimfine cha mbalame. Kulembetsako n'kwaulere. Nkhuku zikafa popanda bala lililonse, musafunefune chilombo, itanani dokotala wa ziweto, monga tinkachitira mantha ndi chitopa kwathu.

Pantchito yanga yoona za umoyo wa mabanja ndimaona kawirikawiri kuti anansi amadana zaka zambiri chifukwa cha mawu olankhulidwa m'mawa umodzi munthu asanaone bwino. Ndikanagogoda pakhomo paja, ndikananamizira galu wosalakwa, ndi kutaya anansi amene amalandira mwana wanga ndikachedwa kuntchito. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza nthenga pabwalo, musasese msanga. Jambulani chithunzi, yang'anani tsinde la nthenga, werengani zala pamatope, fufuzani polowera, ndipo yotsalayo igone motetezeka usiku womwewo.

Nkhuku yathu yachinayi ija inagona m'katoni kukhitchini masiku atatu pamene tinkakonza khola. Lero ili ndi anzake awiri, ndipo mwana wanga ndiye amaziwerenga madzulo aliwonse asanayambe homuweki.