Za Kumanga Nyumba za Sayansi: Zimene Taphunzira ku Ndata

Munthu akamayenda pa mseu wa Midima kuchokera ku Limbe, napatukira cha ku Goliati m'boma la Thyolo, amaona nyumba zazikulu zitaima pamalo amene kale anali munda wa Ndata. Imeneyo ndiyo Malawi University of Science and Technology, imene ambiri amangoti MUST. Popeza dziko lathu lidzamangabe nyumba zina zophunziriramo sayansi, ife taona kuti nkwabwino tikumbutsane ndi awerengi athu, makamaka inu ogwira ntchito m'Boma ndi inu aphunzitsi, m'mene ntchito ya ku Ndata inayendera.

Maganizo omanga sukuluyi anali a malemu Bingu wa Mutharika. Poyamba inayenera kukhala ku Lilongwe, koma pambuyo pake inasamutsidwira ku Thyolo, ndipo anthu anatsutsana kwambiri pa chimenecho. Mkanganowo sitiudzutsanso lero. Ndalama zomangira zinali ngongole ya madola 80 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China. Mwini maganizoyo anamwalira mu April 2012 asanaone mwana ndi mmodzi yemwe akulowa m'kalasi. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa sukuluyi mwa lamulo chaka chomwecho, ophunzira oyamba anafika mu 2014, ndipo oyamba kulandira madigiri anatuluka mu 2019.

Boma linachita bwino pomanga sukulu imeneyi, ndipo tikutero mosabisa mau. Pamene University of Malawi inatsegulidwa ku Chichiri mu 1965, ophunzira ake sanafike ngakhale 100, ndipo dziko linali kusowa aphunzitsi ndi akalaliki koposa zonse. Lero likusowa anthu odziwa miyala ya pansi pa nthaka, nyengo, zitsulo ndi mankhwala. Namondwe Freddy atagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre mu March 2023, napha anthu oposa 1,000, nkobvuta kuti wina afunsenso chifukwa chake MUST iri ndi nthambi yophunzitsa za nyengo ndi nthaka.

Koma walira mvula walira matope. Makoma a ku Ndata anakwera msanga, chikhalirecho nkhani ya madzi inabvuta pa chiyambi, pakuti malowo ali kutali ndi mipope ya m'tauni. Tsono labotale imamwa madzi ambiri. Botolo lirilonse liyenera kutsukidwa likagwira ntchito, ndipo wophunzira amene asidi wamgwera m'maso afunika madzi nthawi yomweyo, madzi otuluka pa mpope, pakuti sangadikire bauza yochokera ku Limbe. Wojambula mapulani amene waika zipinda zokongola asanafunse kumene madzi adzachokere wayamba ntchito kumchira.

Magetsi ndiwo amabvuta koposa. Kalasi ya mbiri yakale ingapitirire magetsi atazima, mphunzitsi angotsegula mazenera. Sizitero mu labotale. Magazi, tizilombo ndi mankhwala ena amasungidwa m'mafiriji ozizira kwambiri, ndipo firiji ikazima usiku umodzi wokha, ntchito ya miyezi yambiri yatayika, osabwereranso. Makina oyezera nawo amapsa magetsi akabwera ndi mphamvu yosayenera. Tonse tikukumbuka kuti mu January 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chotero jenereta, mafuta ake, ndi magetsi a dzuwa ziyenera kulembedwa m'mapulani oyamba, pamodzi ndi simenti ndi malata.

Palinso za zida. Pafupifupi chida chirichonse cha mu labotale chimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama imene inalembedwa kuti igule mamaikulosikopu khumi, ikagona m'mafailo chaka chathunthu, imadzagula asanu kapena asanu ndi limodzi. Apa ndi pamene tikulankhula ndi inu a m'maofesi. Kalata yogulira katundu ikakhala pa desiki sabata zitatu chifukwa bwana ali ku msonkhano wa kunyanja, mtengo wake umalipiridwa ndi mwana amene adzamaliza maphunziro a Chemistry atangoona chida pa chithunzi. Ndipo chida chikafika, chimafuna mmisiri wodziwa kuchisamala ndi kuchikonza. Anthu ameneŵa sitiwatchula pa tsiku lodula riboni, malipiro ao ndi ochepa, ndipo akachoka, makina a mtengo wapatali amangobvundikiridwa nsalu pakona.

Tisaiwale za mwala wa maziko. Ku Mzimba mwala wa yunivesite ya Mombera unaikidwa mu 2015, ndipo dzina lake linasinthidwa pambuyo pake kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, koma zaka zinapita zambiri anthu a kumeneko akudikira makalasi. Sitikuloza chala munthu, pakuti ntchitoyo yadutsa m'manja mwa maboma angapo. Chimene tikupempha nchakuti mwala usaikidwe ndalama zomalizira nyumba, ndi zoiyendetsera zaka zoyamba, zisanapezeke ndi kubvomerezedwa mu bajeti.

Kwa inu aphunzitsi mau athu ndi awa. Wophunzira wa ku MUST sayambira ku Ndata. Amayambira m'kalasi mwanu, Folomu 1. Masekondale ambiri oyendera a m'midzi alibe labotale, ndipo ana amafika pa mayeso a MSCE asanagwirepo botolo loyesera. Zimenezi Unduna wa Maphunziro uyenera kuziganizira nthawi yomweyo imene ukuganizira za nyumba zazikulu za ku yunivesite, chifukwa masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, akunena za mafakitale, ndipo mafakitale adzafuna ana omwewo. Pakali pano, mphunzitsi amene ali ndi bokosi la zida mu ofesi ya ahedi alitsegule, ngakhale botolo limodzi lisweke. Ndipo komiti iriyonse imene idzakhale pansi kukonza labotale yatsopano iitaneko mphunzitsi wa sayansi ndi mmisiri wa mu labotale, awone mapulaniwo wopambana ntchito yomanga asanasankhidwe.