Mlandu sunali keke, unali bodza

Mu 2020 ndi 2021, nchito yanga pa wailesi ya kwathu inali yowelenga malamulo. Sindilandila malipilo, ndimangodzipeleka, koma mau anga ndi amene anali kulowa m'nyumba za anthu m'mawa uliwonse: sambani m'manja, valani masiki, musapatsane moni wa padzanja, pa malilo pasapitilile anthu 50. Lamulo la anthu 50 limeneli Pulezidenti Edgar Lungu analilengeza kumapeto kwa March 2020, pamodzi ndi kutseka mabala ndi malo ovinila usiku. Ndinaliwelenga kambilimbili mpaka ndinaliloweza pamtima.

Azakhali anga atamwalila m'nyengo yozizila ya 2021, lamulo lija linafika pakhomo pathu. Ine amene ndinali kulilalika pa wailesi sindikanakhala woyamba kuliphwanya, conco ndine ndinatumila foni abale a ku Copperbelt ndi ku Lusaka kuwauza kuti asakwele basi. Amalume ena mpaka lelo moni wao ndi wa pakhosi cabe. Mudziwa nokha tanthauzo la kuletsa munthu kukaika mlongo wake.

Patangopita milungu yocepa, pa pulogalamu ya mafoni, anatuma mai wina wogulitsa pamsika. Inali nthawi ya kampeni ya masankho a pa 12 August. Bungwe la ECZ linali litaletsa misonkhano ikuluikulu, koma zipani zazikulu zonse ziwili zinapeza podzela: atsogoleli anali kuyenda m'misika ndi m'makomboni ati akugawa masiki, khamu la anthu lili pambuyo pao, mothinana ngati nsomba m'dengu. Mai aja anandifunsa kuti: "Iwe mwana wanga, kodi kolona imeneyi iopa malaya a cipani?" Ndinaseka, ndi kuikapo nyimbo. Yankho ndinalibe.

Funso lija silinandicoke pamtima. Nkhani imene yandithandiza kuliganizila bwino inacitikila kutali, ku London, cifukwa kumeneko mlandu wotele unafufuzidwa mpaka pamapeto ndipo zonse zinalembedwa.

Pa 23 March 2020, nduna yaikulu ya Britain, a Boris Johnson, anauza anthu onse kuti akhale m'nyumba. Anthu anamvela. Ambili anatsanzikana ndi makolo ao pa foni, nesi atagwilizila foniyo pafupi ndi bedi la wodwala. Koma pa 20 May caka comweco, pamene lamulo linali kulola munthu kukumana ndi munthu mmodzi yekha wa nyumba ina, panja, motalikilana, mlembi wa a Johnson anatumiza uthenga kwa anchito oposa 100 kuwaitanila kumunda wa ku 10 Downing Street, aliyense abwele ndi mowa wake. Madzulo omwewo nduna ina inali pa TV kukumbutsa dziko lamulo lija la munthu mmodzi. A Johnson anafikako kuphwandoko. Pa 19 June panacitikanso kamsonkhano ka tsiku lao lobadwa, m'cipinda momwe nduna zimakumana. Pa 16 April 2021 anchito a panyumbapo anacita maphwando awili usiku, ndipo wina anatumidwa kushopu ndi sutukesi kukadzazamo mabotolo a vinyo. A Johnson usiku umenewo kunalibe, koma inali nyumba yao ndi anthu ao. M'mawa mwake Mfumukazi Elizabeth inakhala yokhayokha pa benchi m'chalichi pa malilo a mwamuna wake, Prince Philip, malilo amene analoledwa anthu 30 cabe.

Zonsezi zinabisika kwa nthawi yaitali, mpaka pa 30 November 2021 pamene nyuzipepala ya Daily Mirror inayamba kuulula. Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. A Johnson anali ndi njila ziwili. Akanatha kuimilila ndi kunena kuti zinacitikadi, ndalakwa. M'malo mwake, pa 1 December anauza Nyumba ya Malamulo kuti malangizo onse anatsatidwa kwathunthu ku Downing Street. Patapita masiku ocepa, ITV inaonetsa vidiyo ya anchito ao akuseka, akuyeseza mmene angayankhile atolankhani akafunsa za phwando la Khilisimasi. Mai Allegra Stratton, amene anaoneka mu vidiyoyo, anatula pansi udindo akulila. Abwana anakhalabe pampando. Mu January 2022, nkhani ya kumunda ija itatulukila, anapepesa, koma anaonjezela kuti iwo anali kuganiza kuti unali msonkhano wa nchito.

Mlandu suola. Mu April 2022 apolisi anawalipilitsa faindi ya mapaundi 50 cifukwa ca tsiku lobadwa lija, pamodzi ndi akazi ao ndi a Rishi Sunak, ndipo anakhala nduna yaikulu yoyamba ku Britain kulangidwa cifukwa cophwanya lamulo ili pampando. Onse pamodzi mafaindi anakwana 126, kwa anthu 83. Pa 25 May, mai Sue Gray, wanchito wamkulu m'boma, anatulutsa lipoti lokamba za kuledzela, kusanza, vinyo wothilidwa pa cipupa, ndi mwano kwa osesa ndi alonda. Mu June 2023 komiti ya aphungu 7 inapeza kuti a Johnson ananamiza Nyumba ya Malamulo mwadala, ndipo inati akanakhala akali phungu akanaimitsidwa masiku 90. Iwo anali atatula kale uphungu pa 9 June, ataona zimene komitiyo inapeza, uku akunyoza kuti ndi khoti yacinyengo. Nyumba inavomeleza lipotilo ndi mavoti 354, otsutsa 7.

Taonani kusiyana kwa zilango ziwilizi. Phwando linawadyela mapaundi 50. Bodza linawadyela mpando wa uphungu ndi dzina. Ine ndiona kuti muyeso umenewu ndi wolungama, ndipo ndifuna kufotokoza cifukwa cake monga munthu amene anakhala kumbuyo kwa maikolofoni.

Lamulo la mlili silili ngati lamulo loletsa kuba. Palibe dziko lokhala ndi apolisi okwanila kuima pa malilo alionse ndi kuwelenga mitu. Lamulo lotele limayenda ndi cikhulupililo cabe. Munthu amasiya kukaika mbale wake cifukwa wakhulupilila zinthu ziwili: kuti ngoziyo ndi yeniyeni, ndi kuti tonse tikusenza mtolo umodzi. Mtsogoleli akaphwanya lamulo lake, waononga caciwili cija. Akanamanso pamwamba pake, waononga ndi coyamba comwe, pakuti womvela amayamba kudzifunsa: ngati ananama za keke, nanga za ciwelengelo ca akufa? Nanga za katemela? Kuphwanya lamulo kumaonetsa kuti mtsogoleliyo ndi munthu wofooka ngati ife tonse. Kunama kumaonetsa kuti amationa ngati ana oti n'kuwapusitsa ndi switi.

Ndipo amene amalipila ngongole ya bodzalo si mtsogoleli poyamba. Ndi nesi wa pa kiliniki amene ayenela kupempha anthu kuti abayitse katemela. Ndi anyakwawa amene abweza anthu pa manda. Ndi abusa amene atseka chalichi. Ndi ine, amene ndimakumana ndi omvela anga pa cigayo ndi pa mjigo. Mtsogoleli ali ndi alonda ndi galimoto ya magalasi akuda. Ife tinabweleketsa nkhope zathu ku lamulo lake, ndipo akalipondeleza ndi nkhope zathu zimene zimadetsedwa.

Kuti muone kuti njila ina inalipo, yang'anani ku Norway. Mu February 2021 nduna yaikulu ya kumeneko, mai Erna Solberg, anakonza cakudya ca banja ca anthu 13 pokondwelela zaka 60 zakubadwa, pamene lamulo linali kulola anthu 10. Nkhani itaululika anavomela ndi kupepesa. Apolisi anawalipilitsa makrona 20,000, ndipo anafotokoza kuti munthu wamba mwina sakanamulipilitsa pa mlandu wotele, koma awa ndi amene anali patsogolo poika malamulowo. Analipila osakangana. Colakwa ndi cofanana ndi ca ku London, tsiku lobadwa lomwelo, koma uku nkhani inatha m'milungu yocepa, pamene ya ku London inadya caka ndi theka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mai aja sanayese kulewa.

Ndidziwa zimene ena a inu mudzanena. Mudzati izi ndi za azungu okhuta, ife tili ndi mavuto a unga, feteleza ndi malaiti, tingataye nthawi pa keke? Ndikuyankhani kuti ife ndiye tifunika cilungamo cimeneci kuposa iwo. Dziko lolemela anthu akasiya kumvela lili ndi zipatala ndi ndalama zogwilila. Ife mu June ndi July 2021 tinaona mabedi ndi okosijeni zikucepa. Cuma cathu cacikulu pa mlili ndi kumvelana, ndipo n'cimene mtsogoleli wabodza amamwaza.

Ena mudzati munthu aliyense amalakwa, tiyeni tikhululuke. Ndivomela, ndipo ndingakhululukile mtsogoleli amene anaiwala masiki kapena amene mtima unamukoka kukaona mai ake odwala. Koma kwathu pabwalo la mfumu munthu sakhululukidwa asanavomele mlandu. Kupepesa kumene kumabwela zithunzi zitatuluka, kumenenso kumavomela cokhaco cimene caululika lelo ndi kubisa ca mawa, si kupepesa. Ndi kugula nthawi.

Sindikuti Britain ndi kumwamba. A Johnson anapulumuka miyezi yambili, ndipo cimene cinawagwetsa pa unduna waukulu mu July 2022 inali nkhani inanso, ya phungu Chris Pincher, ngakhale kuti maphwando anali atadya kale mizu. Aphungu ambili a cipani cao anazemba voti ija ya 354. Anchito ang'onoang'ono ndi amene anasenza mafaindi ambili. Komabe pali cinthu cimodzi cimene cimandikhudza: mwa aphungu 7 a komiti ija, 4 anali a cipani ca a Johnson comwe, ca Conservative. Anthu a m'nyumba mwao ndi amene anasaina kuti ananama. Bodza silinagwidwe ndi munthu mmodzi wolimba mtima. Linagwidwa ndi mtolankhani amene anafukula, wanchito wa boma amene analemba zimene anapeza, apolisi amene pomalizila pake anagogoda pa citseko ca abwana, ndi aphungu amene anaika Nyumba patsogolo pa cipani.

Kwathu kuno makamu aja a 2021 anangopita ndi mphepo ya masankho. A cipani ici analoza cala cipani ico, a cipani ico anabweza cala, aliyense akuona khamu la mnzake lokha. Koma mlili sumatha ndi masankho. Kolela itabuka kumapeto kwa 2023, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu February 2024. Ndinabwelelanso pa maikolofoni: wilitsani madzi, thilani kolilini, musasambitse mtembo, malilo akhale acangu. Ndipo ndinamva m'mau a ena otuma foni kuti ayamba kuyesa kaye uthenga ngati mmene timayesela dzila m'madzi. Sindiwaimba mlandu.

Conco ndili ndi zopempha zitatu, ndipo sizisankha cipani. Kwa inu atsogoleli, kuyambila khansala mpaka ku State House: lamulo limene simungathe kulisunga musaliike, ndipo mukaliphwanya kambani nokha tsiku loyamba, osati "ngati pali amene ndamukhumudwitsa", koma "ndinacita ici, ndalakwa, cilango ndilandila". Kwa inu a zipani: kudzudzula mtsogoleli wa cipani cina ndi nchito yopepuka, ngakhale mwana angaicite. Muyeso wanu ndi tsiku limene wanu adzalakwa. Kwa anzanga a pa mawailesi ang'onoang'ono: tisunge mau amene akuluakulu amakamba m'masitudiyo mwathu, tilembe tsiku, ndipo akabwelanso tiwaseweletsele mau ao omwe ndi kufunsa mwaulemu ngati anawasunga. Kuyambila December 2023 tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku boma. Lamulo limenelo likhala pepala cabe ngati sitiligwilitsa nchito.

Inenso ndili ndi mlandu wanga, ndipo ndiuvomele pano. Tsiku lija ndinaika nyimbo cifukwa ndinacita mantha. Ndinaopa kuti wailesi yathu idzachedwa ya cipani cakuti. Potelo ndinasiya mai aja aganize kuti mwina lamulolo linali sewelo. Akanatumanso lelo ndikanawauza kuti: Mai, kolona siopa malaya a munthu aliyense. Inu amene munakhala panyumba munacita bwino, ndipo mwina pali munthu ali moyo lelo cifukwa ca inu. Amene anasonkhanitsa makamu aja analakwa, onse awili, ndipo ali nanu ngongole ya mau oona.

Amalume anga sindinawapepesebe mokwanila. Mwezi wa mawa ndikwela basi kukawaona.