Abambo achikulire, yezetsani magazi musanagule mapiritsi a ayironi

Abambo ambiri opitirira zaka 60 akayamba kufooka amathamangira ku famase kukagula mapiritsi owonjezera magazi. Chizolowezi chimenechi n'choopsa.

Mwamuna amangofunika mamiligalamu 8 a ayironi patsiku, ndipo amatha kuwapeza mu usipa, nyemba, bonongwe ndi nyama. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wotsala. Amaunjikana m'chiwindi, mumtima ndi m'kapamba mpaka kuwononga ziwalozi. Ena amene amamwa masese ofululidwa m'migolo yachitsulo amakhala kale ndi ayironi wochuluka.

Hemoglobini ya bambo ikatsika pansi pa 13 g/dL, malire amene bungwe la WHO linaika, funso loyamba n'lakuti magaziwo akupita kuti. Kawirikawiri amatayikira m'mimba chifukwa cha zilonda, njoka zam'mimba, kumwa aspirin kapena ibuprofen tsiku ndi tsiku, ngakhalenso khansa ya m'matumbo. Piritsi limangophimba vutolo pamene matenda akukula.

Minofu imalimba poigwiritsa ntchito: kunyamula zolemera, kukhala ndi kudzuka pampando mobwerezabwereza, masiku osachepera awiri pasabata. Kufooka kukapitirira, bambo, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi kaye.